Ambulansi ndi Khonde la Apongozi

Wyson Kathumba sanali mwana wa kunyanja. Kwawo kunali ku Ntcheu, kumapiri a ku Tsangano, ndipo mpaka tsiku limene anachoka m'boma la Nkhata Bay sanaphunzire kusambira kapena kupalasa bwato. Anafika m'chaka cha 1966 pa lole yotenga anthu ofuna ntchito, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, atakulunga malaya awiri m'bulangete. Anamulemba pa esiteti ya labala, kucheka makungwa a mitengo kuti utomoni uzidonthera m'timakapu. Ntchitoyo inamukana. Dzanja lake linali lolemera, mpeni unkalowa mpaka kuvulaza mtengo, ndipo kapitawo atatopa n'kukalipa anamuponya ku thirakitala kuti azikakweza madiramu.

Kumeneko n'kumene kunali mwayi wake. Woyendetsa thirakitalayo anali mkulu wina wa ku Mulanje wodwala miyendo, amene ankakonda kumusiyira chiwongolero iye n'kumapichira fodya pambali. Pofika 1971 Wyson anali ndi laisensi. Patapita zaka ziwiri anamva kuti pa Kaweya, kamalo ka malonda kum'mwera kwa Chintheche, akufuna dalaivala wa ambulansi. Mwa anthu asanu ndi anayi amene anayesedwa, iye yekha ndiye anabwerera cham'mbuyo pakati pa madiramu osagunda ngakhale limodzi.

Ambulansiyo inali Landirova yoyera, yakale ndithu, yofuna kuinyengerera ikamalira m'mawa. Wyson ankaidziwa ngati mwana wake. Anthu a pa Kaweya, amene ambiri anali Atonga, ankamutcha Ada Dalaivala, kutanthauza bambo dalaivala, ndipo akamva hutala yake amayi ankakoka ana m'njira asanaone n'komwe galimotoyo.

Kachipatala ka pa Kaweya kanali kumunsi, pafupi ndi madzi. Kuchokera ku msewu waukulu kunkatsika kamsewu kamodzi kokha, kotalika ngati theka la mailosi. Chapakatikati kamsewuko kankapanikizika: dzanja lamanja thanthwe lalikulu ndi ngalande ya madzi a mvula m'munsi mwake, dzanja lamanzere kamalo kopapatiza, kuseri kwake chigwembe. Kumunsi kwa pamenepo n'kumene kunali msika. Anthu oyeza malo pokonza kamsewuko anakhoma zikhomo zachitsulo mbali zonse ziwiri, n'kusiya lamulo lakuti pakati pa zikhomozo pasamangidwe kanthu. Lachiwiri ndi Loweruka malole a ogula usipa ochokera ku Kasungu, ku Mzimba ndi ku Lilongwe ankaima pamalo opanikizika aja, chifukwa kumunsi kunali mchenga wotitimira. Ngakhale ataima, ambulansi inkadutsa popanda kuchepetsa liwiro.

Wyson anakwatira komweko. Mkazi wake, Lyness, anali wa kwa a Mhone, banja la mpingo wa ku Bandawe. Ukwatiwo anamanga ndi amalume ake a mkaziyo ndi abambo ake aang'ono, chifukwa bambo ake enieni, a Christopher Mhone, anali ku Sozibele, mzinda waukulu wa ku Rhodesia, kumene ankagwira ntchito m'hotela kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Wyson ankawadziwira pa chithunzi chokha, atavala jekete yoyera, atanyamula thireyi. A Mhone anabwera mu 1975 nkhondo itakula kumeneko, ali ndi mabokosi anayi, wailesi yaikulu ndi mtima umodzi wokha: kumanga sitolo.

Malo amene anawapatsa anali kamalo kopapatiza kaja, moyang'anana ndi thanthwe. Nyumba ya sitolo inkakwana, koma khonde ayi. Kumbuyo kunali chigwembe, kutsogolo zikhomo.

"Sitolo yopanda khonde si sitolo, ndi nkhokwe," ankatero a Mhone. "Telala akhala pati? Wogula mvula ikamupeza abisala pati?"

Khonde limene ankafuna linkalowa mumsewu mafiti asanu ndi atatu. Analemba kalata yopempha chilolezo chapadera, ndipo kalatayo inabwerera ndi yankho lakuti nkhaniyi iweruzidwe ndi komiti ya chitukuko ya m'deralo. Panali ndi mzere wina pansi pake: popeza kamsewuko n'kopita kuchipatala, woyendetsa galimoto ya odwala atsimikize kuti khondelo silidzatseka njira.

Wyson atamva zimenezi, anaganiza zokayeza yekha. Tsiku lina masana anatenga chingwe chokokera galimoto, n'kupita pamalopo ngati akufuna china chake chimene chinagwa. Anayeza kuchokera pa ngalande mpaka pamene a Mhone anakhoma timitengo ta khonde lawo. Kenaka anakayeza lole ya ku Kasungu imene inaima chapafupi, anayezanso Landirova yake. Anabwereza kawiri. Msewu ukakhala wopanda kanthu ambulansi ikanadutsa bwinobwino. Lole ikaima pakhondepo, malo otsala ankaperewera ndi mkono wathunthu.

Anamuuza mkazi wake m'mawa wa tsiku la msonkhano, mkaziyo akukanda chinangwa chonyika kuti akayanike.

"Mayi a Gertrude, khonde lija silikwana. Ndayeza."

Lyness sanadzutse mutu. "Ndiye mukanena chiyani?"

"Ndikanena zimene ndayeza."

"Pamaso pa anthu onse? Bambo anga akhala zaka zonsezi akutsuka mbale za azungu, mayi anga akulima okha ngati wamasiye. Lero abwera kuti akhale munthu pakati pa anzawo, ndiye wowagwetsa akhale mkamwini wawo?" Anapukuta manja pachitenje n'kumuyang'ana. "Bambo a Gertrude, kuno inu ndinu obwera. Akakudani bambo anga, wakudani mudzi wonse. Nanga malolewo sangauzidwe kuti aziima kwina?"

"Aima kuti? Kumunsi ndi mchenga."

"Zimenezo akaganize a komiti. Inu akakufunsani za galimoto yanu, mukayankhe za galimoto yanu."

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale, akuluakulu atapanikizika pamabenchi a ana. Wapampando anali a Gibson Thole, amenenso anali tcheyamani wa chipani m'deralo, munthu wosalankhula mokweza koma amene anthu ankamuvulira chipewa ali patali. Kalaliki wochokera ku ofesi anawerenga kalata ija m'Chingerezi, n'kumasulira m'Chichewa, wina n'kumasuliranso m'Chitonga. A Mhone analankhula atavala suti ya bulawuni. Ananena za ana a kwawo amene amafera kunja osamanga ngakhale khola la nkhuku, ndi za iwo amene abweretsa thukuta lawo kunyumba. Anthu anang'ung'udza movomereza.

Kenaka a Thole anatembenuka. "Ada Dalaivala, imirirani. Khonde ili likamangidwa, galimoto yanu idzadutsa?"

Wyson anaimirira. Anaona apongozi ake atakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo, osamuyang'ana. Anakumbukira mawu a kwawo akuti mkamwini asamakule mwendo.

"Idzadutsa, bwana."

Sanakhale pansi msanga. Anadikira kuti wina afunse funso lachiwiri, lakuti nanga lole ikaima pamenepo. Akanafunsa, akanayankha zoona; mpaka ukalamba wake ankakhulupirira zimenezo. Koma palibe anafunsa. Anthu anaomba m'manja, kalaliki anamupatsa cholembera, ndipo iye anasaina pansi pa mawu akuti woyendetsa ambulansi watsimikiza.

Sitolo inamangidwa, yokongola kuposa zonse pa Kaweya, ya khonde la simenti yofiira ndi nsanamira zinayi. Anadzaitsegulira ndi akuluakulu a chipani ochokera ku boma, gulu la malipenga linavina, ndipo m'zolankhula zawo anaitcha chitsanzo cha chitukuko. Malole sanasunthe. Anayamba kuima pakhonde penipenipo, chifukwa panali mthunzi, ndudu ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Zaka zitatu zotsatira Wyson anazikhala ngati munthu wosenza dzira pamutu. Lachiwiri ndi Loweruka lililonse ankakwera wapansi m'mawa kukapempha madalaivala kuti asatalikire. Anawadziwa onse mayina, ndi kwawo komwe. Ena ankamumvera, ena ankamuseka kuti wasanduka wapolisi wa pamsewu wopanda yunifomu. Kangapo anafika ndi wodwala n'kupeza njira yotsekeka, koma hutala ikalira mwini lole ankatuluka m'sitolo akupukuta pakamwa, n'kusuntha. Kawiri anapalitsa galimoto pathanthwe, n'kupaka yekha penti kuti a ku ofesi asaone.

Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti a Mhone anayamba kumukonda. Ankamutcha mwana wanga. Anamupatsa jekete imodzi ya ku Sozibele, ndipo pa Khirisimasi ankamukhazika pampando wa pambali pawo, ana awo enieni ali pamphasa. Kamodzi Wyson anayesa kutchula za malole.

"Ada, malole aja mukanawauza kuti aziima kumtunda, kumsewu waukulu."

"Mwana wanga, amenewo ndiwo makasitomala. Ndiwathamangitse ndi pakamwa panga? Nanga pachitika chiyani mpaka lero?"

Panali pasanachitike kanthu.

Linali Loweruka la mu Okutobala, 1979, dzuwa likuswa mtengo, usipa utagwa wambiri kuposa zaka zonse. M'mawa wa tsikulo mayi wina dzina lake Belita, mkazi wa msodzi Yakobe Manda, anabereka mwana wamkazi pa kachipatala kaja. Mwana analira bwino, koma magazi a mayiyo sanaleke. Itangokwana leveni koloko, namwino Eliza anatuluka akuthamanga, manja ali ofiira mpaka m'zigongono.

"A Kathumba! Lizani galimoto, tikupita ku boma! Akufunika magazi!"

Anamulowetsa Belita pamachira, diripi ili pamkono, Eliza ndi Yakobe ali pambali pake. Wyson anadutsa pamsika hutala ikulira, anthu akubalalika. Atakhota pofika pathanthwe anaponda buleki. Pakhonde la sitolo panaima lole yaikulu yoyang'ana kumtunda, itadzaza matumba a usipa mpaka pamwamba.

Analiza hutala. Palibe anatuluka. Analizanso, osachotsa dzanja. Telala wa pakhondepo anaimirira n'kukuwa kuti dalaivala wake ndi wachilendo, wapita ndi mwini katundu ku doko lina kukagula usipa wina, ndipo makiyi watenga.

"Doko liti?"

"Ati la kwa Sanga, kapena la kuno kumunsi, sindinamvetse!"

Wyson anatsika. Anapinda galasi la m'mbali, anayang'ana mpata wa pakati pa lole ndi ngalande, ngakhale ankadziwa kale kukula kwake. Anthu anali atayamba kusonkhana. Ena ankati athamangire dalaivalayo pa njinga, ena ankati atsitse matumba kuti aikankhe. Kukankhira kumtunda lole yodzaza chotero kunali kosatheka. Njira inali imodzi: kuibweza cham'mbuyo, itsike yokha mpaka pamsika pamene msewu unkatambasuka.

Anabweza ambulansi mpaka pansi pa mtengo wa mango, anauza amayi a pamsika kuti achotse malonda awo, n'kuthamangiranso kumtunda. Anatola mwala n'kuswa galasi la chitseko cha lole. Analowa, anaponda buleki, anachotsa giya, n'kumasula handibuleki. Lole inayamba kutsika pang'onopang'ono, amuna akukuwa mbali zonse ziwiri, wina m'Chitonga, wina m'Chitumbuka, wina m'Chichewa. Injini ili yozima, buleki inali yolimba ngati mwala ndipo chiwongolero sichinkamvera. Kumbuyo sankaona kanthu chifukwa cha matumba. Anamva anthu akukuwa onse pamodzi, kenaka phi! Tayala la kumbuyo linagwera m'ngalande. Lole inapendekeka, inatsamira thanthwe, mutu wake utapingasa mpaka kukhudza nsanamira ya khonde. Tsopano ngakhale njinga sikanadutsa.

Wyson anakhala m'lolemo kanthawi, manja ali pachiwongolero, osamva chilichonse. Anamudzutsa ndi mawu a Eliza.

"A Kathumba, tulukani! Timunyamule!"

Anamutulutsa Belita m'ambulansi n'kukwera naye wapansi. Podutsa panalibe koma pakhonde pomwepo. Telala anakokera makina ake mkati. Yakobe anagwira kutsogolo ndi mnzake wina, Wyson kumbuyo, ndipo pofika pamasitepe ngodya yachinayi inasowa munthu. Anaigwira a Mhone, atavala tayi. Anasenza nawo mpaka kumsewu waukulu, akupuma ngati mvukuto, magazi akudonthera pansapato zawo.

Kumsewuko anadikira. Masiku amenewo munthu ankatha kukhala ola lathunthu osaona galimoto. Imene inabwera inali thirakitala ya ku esiteti yokoka ngolo ya nkhuni. Anataya nkhunizo pansi, n'kumugoneka Belita m'ngolomo. Wyson anaimirira atagwira botolo la diripi m'mwamba, ngolo ikudumpha, fumbi likuwakwirira. Belita anatsegula maso kamodzi n'kufunsa m'Chitonga ngati mwana wayamwa. Eliza anayankha kuti wayamwa. Atangowoloka mtsinje wa Luweya, Eliza anagwira dzanja la mayiyo nthawi yaitali, kenaka anauza Wyson kuti atsitse botolo.

Maliro anaikidwa Lolemba. Wyson anapita, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo palibe anamuloza chala. Anthu ankanena za dalaivala wachilendo uja, amene anabwera madzulo a tsikulo n'kuyamba kulirira galasi lake, mpaka anyamata a chipani anamukwapula. Ena ankati ndi nthawi ya Mulungu. Simenti ya pakhonde inatsukidwa ndi sopo, ndipo Loweruka lotsatira malole anaimanso.

Patapita milungu iwiri Wyson anapita kwa Yakobe. Anamupeza pansi pa mtengo akusoka khoka, khanda lija likulira m'nyumba m'manja mwa mlongo wake wa Yakobe. Anapatsana moni, anakhala pansi, ndipo Wyson ananena zonse: za chingwe, za mkono woperewera uja, za funso limene anayankha theka lokha.

Yakobe sanasiye kusoka. Chichewa chake chinali chapang'onopang'ono, chosankha mawu.

"Ndiye munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Ine pa msonkhano uja ndinalipo. Ndinaima pawindo. Ndinaomba nawo m'manja." Anadula ulusi ndi mano. "Mukufuna ndinene chiyani, Ada Dalaivala? Kuti palibe kanthu? Mwanayo mukumumva. Akukana mkaka wa m'chitini."

"Sindikufuna munene kanthu."

"Ngati muli ndi mawu, kanenereni kumene munasaina. Kuno sathandiza."

Komiti inakumananso mwezi wa Novembala, m'kalasi momwe muja. Nkhani zinali za kukonza mjigo ndi za makadi a chipani amene anthu ankachedwa kugula. Pamapeto a Thole anafunsa ngati pali zina, ndipo Wyson anaimirira.

"Bwana tcheyamani, mu 1976 munandifunsa pano ngati ambulansi idzadutsa. Ndinati idzadutsa. Ndinanama. Ndinali nditayeza, ndipo ndinkadziwa kuti lole ikaima sidzadutsa. Mayi uja wafa chifukwa cha zimenezo. Ndikupempha kuti khonde lija lichotsedwe, msewu ubwerere pa zikhomo."

A Thole anapempha kalaliki kuti atsegule buku la zokambirana zakale, ndipo kalaliki anawerenga mzere uja ndi dzina la Wyson pansi pake.

"Ndiye komiti sinalakwe," anatero a Thole mofatsa. "Inafunsa katswiri, katswiri anayankha. Komanso amene anagwetsera lole m'ngalande ndani? Si inu nomwe?"

"Ndine, bwana."

"Tsono lero mukuti tigwetse nyumba imene anatsegulira akuluakulu athu ochokera ku boma, imene anaitcha chitukuko. Mukuti iwo aja sanaone bwino?"

Mnyamata wina wa chipani, wa malaya ofiira, amene anaima pakhomo anasuntha n'kulowa mkati. "Afotokoze bwino ameneyu," anatero. "Akudana ndi chitukuko, kapena watumidwa?"

Aliyense m'chipindamo ankadziwa kumene mawu ngati amenewo ankathera. Panali mphunzitsi wina wa pasukulu yomweyo amene anatengedwa zaka zinayi m'mbuyomo chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa, ndipo anali asanabwerere. Wyson anatsegula pakamwa, koma amene analankhula ndi a Mhone.

"Atcheya, ndiloleni. Uyu ndi mwana wanga, ndimamudziwa. Khadi lake ndimamugulira ndine chaka chilichonse. Chifereni mayi uja sagona, sadya, amalankhula yekha. Mutu wake sukuyenda bwino. Musalembe zimene wanenazi. Ndikamulangiza kunyumba."

A Thole anauza kalaliki kuti asalembe. Komiti inagwirizana kuti pakhomedwe chikwangwani choletsa magalimoto kuima pamalopo masiku a msika, n'kutseka msonkhano ndi pemphero.

Panja a Mhone anamudikira pansi pa mtengo wa mbawa. Nkhope yawo inali itagwa, ngati ya munthu wodwala.

"Ndakupulumutsa lero chifukwa cha Lyness ndi adzukulu anga," anatero. "Ukuganiza kuti ine sindimuona mayi uja? Ndinamusenza ndi manja angawa. Koma ukanabwera kwa ine chaka chija, iwe ndi chingwe chakocho, tili awiri. Unandisiya ndimange, ndiike zonse zanga pamenepo, lero ukundivula pagulu."

"Mukanandimvera, ada?"

A Mhone anavala chipewa n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo sanamutchenso mwana wanga, ndipo akakumana ankapatsana moni wa anthu odziwana patali.

Chikwangwani chinakhomedwa, cholembedwa m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Malole anachimvera mpaka Khirisimasi. Mvula itayamba, madalaivala anati kumtunda kulibe pobisala, ndipo mmodzi atayamba ena onse anatsatira. Pofika Febuluwale telala ankayanikapo nsalu.

Wyson anaganiza njira yake. Lachiwiri ndi Loweruka ankatulutsa ambulansi m'mamawa, malole asanafike, n'kukaiimika kumtunda kwa sitolo, pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi msewu waukulu. Anagwirizana ndi Eliza kuti kukakhala wodwala wofunika kutumiza, azimenya katatu chitsulo chimene chinali belu la pachipatala, ndipo amuna anayi a pamsika analonjeza kuti azithandiza kusenza machira. Zinayenda. M'miyezi isanu ananyamula choncho anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo mwana wolumidwa ndi njoka amene anachira.

Koma pafupi ndi mkuyuwo panali nyumba yogulitsiramo mowa. Wyson sankamwa, ndipo aliyense ankadziwa, komabe kalata inalembedwa kupita ku ofesi, yopanda dzina, yonena kuti galimoto ya boma imakhala tsiku lonse pamalo omwera mowa pamene malo ake ndi pachipatala. Anaitanidwa ku boma. Bwana amene anamufunsa anali munthu wa ku Zomba, wachifundo ndithu, ndipo anamvetsera mpaka pamapeto.

"Ndakumvani, a Kathumba. Koma lamulo likuti galimoto iziima pachipatala. Ndipo m'mafayilo muno muli siginecha yanu yakuti njira ili bwino. Ndikalemba kuti njira n'njotsekeka, ndiye kuti ndikutsutsa komiti, ndikutsutsanso inu. Ndikuthandizeni motere: ndikuchotseni kumeneko zisanakule."

Mu Julaye 1980 kalata ya kusamutsidwa inafika. Ankapita ku Chikwawa.

Lyness analira masiku atatu. Sanamunene mwamuna wake, sanawanenenso bambo ake. Ankangoti iye ndiye anayambitsa, ndi mawu ake a m'mawa uja. Wyson anamuuza kuti cholembera chinali m'dzanja lake, osati la mkaziyo, koma sizinamutonthoze. Mayi ake a Lyness anali atayamba kudwala, choncho anagwirizana kuti iye atsale kaye. Kutsala kayeko kunatenga zaka ziwiri. Pamene anadzamutsatira anabwera ndi ana awiri aang'ono. Gertrude, woyamba, anatsala kwa agogo ake kuti apitirize sukulu ku Bandawe, ndipo anakula akulankhula Chitonga, bambo ake akumuona kamodzi pachaka.

Ku Chikwawa Wyson anali dalaivala wabwino, wosachedwa, wosamwa, koma anzake ankati ndi wovuta. Sankasaina pepala lililonse asanaliwerenge kawiri, ngakhale la mafuta. Akapeza galimoto itaima pageti la chipatala ankatsika n'kukalipa, kaya mwini wake ndi ndani, ndipo kawiri analandira chenjezo chifukwa cha zimenezo. Dalaivala amene anamulowa m'malo pa Kaweya anakhalako miyezi isanu ndi itatu n'kupempha kuchoka. Za amene anabwera pambuyo pake Wyson sanamve.

Mu 1986 kunabwera kalata ya Gertrude. Anailandira Lyness, ndipo anawerengera mwamuna wake masana atabwera kudzadya. Gertrude analemba kuti pa Kaweya padzabwera mlendo wamkulu kudzaona kachipatala, ndi magalimoto khumi ndi awiri. Akuluakulu okonza ulendowo atayendera kamsewu kaja anati n'kopapatiza. Lachitatu anauza a Mhone, Lachinayi kunabwera anthu ndi nyundo, ndipo pofika Lachisanu khonde linali litachotsedwa, ngalande itakwiriridwa, msewu utathiridwa miyala mpaka kumunsi. Komiti sinakumane n'komwe. Agogo, analemba Gertrude, anangokhala pampando mkati mwa sitolo akuonerera pawindo, ndipo chichokereni anthuwo sakutsegula. Mlendoyo pamapeto pake sanabwere, ulendo unasinthidwa.

Lyness anapinda kalatayo n'kuyamba kulira mwakachetechete. Wyson anayembekeza kuti mumtima mwake mubwera kenakake konga kupepukidwa, koma simunabwere. Ankangoganiza za mkulu uja ali yekha m'sitolo yotseka.

"Muwalembere," anatero. "Muwauze kuti tamva, ndipo tadandaula. Mulembe kuti ndanena ndine."

"Adzayankha?"

"Kaya. Lembani basi."

Sanamalize kudya. Wantchito wa kuchipatala anali ataima kale pakhomo ndi njinga, akuti ku Ngabu kuli munthu wovulala ndi ng'ombe, ndipo Wyson anasamba m'manja n'kunyamuka.